Lisiti lili m'foda, dzina lili m'kaundula: kufufuza zonse pamalo amodzi



Teremu yapitayi mayi wina anafika ku ofesi m'mamawa pa kabaza. Mwana wawo anali atauzidwa kuti ali ndi ngongole ya fizi, pamene iwo ankakumbukira bwino kuti analipira kubanki ndipo kapepala ka kubankiko anakajambula n'kutumiza kuno pa WhatsApp. Akalaliki anatsegula kompyuta. Dzina la mwanayo linalipo, ndipo pamzere pake pankaonetsa kuti ndalama sizinalowe. Mayi aja anakhala pabenchi panja mpaka Swala ya Dhuhr itadutsa, ndipo m'pamene chithunzi cha kapepala kaja chinapezeka m'foda ina, chili ndi dzina la manambala okhaokha limene foni inachipatsa yokha. Umboni wawo unali m'kompyuta momwemo nthawi yonseyo. Vuto linali lakuti mbali ya kompyuta yosunga mayina ndi mbali yosunga mapepala sizidziwana.

Nkhaniyi itafika ku komiti, kunabwera ganizo loti sukulu ikhale ndi malo amodzi ofufuzira, oti munthu akalemba dzina la wophunzira zituluke zonse: mzere wake wa m'kaundula, malisiti ake, kalata yosamukira kuchokera kusukulu ina, ndi zina zotero. Ganizoli ndi labwino ndipo ndi lotheka. Koma komiti isanatulutse ndalama, ndi bwino tonse timve mmene chinthu chotere chimagwirira ntchito, chifukwa gawo lalikulu la ntchitoyi lidzakhala m'manja mwa amene amalandira pepala pawindo, ndi mwa inu makolo amene mumalitumiza.

Zimene ofesi imasunga

Zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi kaundula wa pakompyuta, amene akatswiri amamutcha database. Ali ngati rejisitala ya m'kalasi: mizere ndi timabokosi. Wophunzira aliyense ali ndi mzere wake, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi ntchito imodzi yokha, ka dzina, ka tsiku lobadwa, ka folomu, ka nambala ya foni ya kholo. Mndandanda wina umasunga ndalama zolipiridwa, wina magiredi, ndipo yonse imalumikizana kudzera pa nambala ya wophunzira. Amene anafotokoza kasanjidwe kameneka ndi Edgar Codd wa kampani ya IBM mu 1970, ndipo mapulogalamu monga MySQL, PostgreSQL ndi Microsoft Access amayenda m'njira yomweyo mpaka lero. Ubwino wa kaundula wotere ndi woti mungamufunse funso lachindunji, monga "ndani a Folomu 3 amene sanamalize fizi ya teremu yachiwiri?", ndipo amayankha mosaphonya, malinga ngati zimene zinalowetsedwamo zinali zolondola.

Gulu lachiwiri ndi mapepala amene amalowetsedwa m'kompyuta: makalata olembedwa pa Word, ma PDF, maminitsi a misonkhano, masatifiketi ojambulidwa pa sikana, ndi zithunzi za malisiti zobwera pa foni. Zimenezi zilibe timabokosi. Kalata ya agogo olera ana amasiye yopempha basale imangoyenda kuchokera pa moni mpaka pa siginecha, ndipo dzina la mdzukulu likhoza kukhala pamzere woyamba, pakati, kapena osatchulidwa n'komwe, agogowo atangoti "mwana wanga wamkazi uja". Kaundula sadziwa kuwerenga kalata yotere. Foda nayo imangodziwa dzina la fayilo ndi tsiku limene inasungidwa. N'chifukwa chake akalaliki amafufuza kawiri, m'malo awiri, ndipo kufufuza kwachiwiriko nthawi zambiri kumakhala kotsegula mafayilo imodziimodzi mpaka maso kuwawa.

Kalozera

Mankhwala a vuto limeneli ndi kalozera, amene pa Chingerezi amati search index. Amene munapitiriza maphunziro a madrasa mukumudziwa kale, kungoti ndi dzina lina. Munthu akakumbukira liwu limodzi lokha la ayah koma surah yake yamuthawa, sayamba kuwerenga Qur'an kuchokera ku Fatiha mpaka atalipeza. Amatenga al-Mu'jam al-Mufahras, buku limene Muhammad Fu'ad Abd al-Baqi wa ku Egypt anatulutsa ku Cairo mu 1945. M'menemo mawu a m'Qur'an anasanjidwa motsata mizu yake, ndipo pansi pa liwu lililonse pali mndandanda wa malo onse amene likupezeka, surah ndi nambala ya ayah. Buku wamba limayankha funso loti "patsamba ili pali mawu ati?" Mu'jam amatembenuza funsolo: "liwu ili lili pamasamba ati?" Ntchito yowawa yowerenga zonse inagwiridwa kamodzi, pasadakhale, kuti wofufuza aliyense asaibwerezenso.

Kalozera wa pakompyuta amachita zomwezo. Chinthu chatsopano chikalowa, pulogalamu imachiwerenga, imalekanitsa mawu ake limodzilimodzi, kenako pansi pa liwu lililonse imawonjezera nambala ya chinthucho. Pansi pa liwu loti "basale" pamakhala manambala a makalata ndi maminitsi onse otchula basale. Pansi pa "2025" pamakhala ena. Mukalemba ziwirizo limodzi, makina amangoyerekeza mindandanda iwiriyo ndi kutenga manambala opezeka konseko. Satsegula fayilo ngakhale imodzi, n'chifukwa chake yankho limabwera nthawi yomweyo ngakhale mapepala atakhala zikwizikwi. Pulogalamu yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Lucene, imene Doug Cutting analemba mu 1999. Pamwamba pake panamangidwa Solr, imene inayambira ku kampani ya CNET mu 2004, ndi Elasticsearch, imene Shay Banon anatulutsa mu 2010. Katswiri akadzabwera ku komiti n'kumatchula mayina amenewa musadzadodome, mkati mwake muli mu'jam yemweyu.

Koma funso lathu ndi lovutirapo: kodi zinthu zosanjidwa mosiyana zingakhale m'kalozera mmodzi? Apanso a mabuku anatiyambira kale. Pali mu'jam wina, wa mawu a hadith, amene anayambitsidwa ndi A. J. Wensinck ku Leiden m'dziko la Netherlands. Voliyumu yoyamba inatuluka mu 1936, ya nambala 7 mu 1969, mwini wakeyo atamwalira kale mu 1939. Anaphatikizamo mabuku 9, kutanthauza mabuku 6 odziwika aja, kuwonjezerapo Muwatta wa Imam Malik, Musnad wa Imam Ahmad ndi Sunan wa al-Darimi. Mabuku amenewa sanasanjidwe mofanana. Sahih al-Bukhari amayenda ndi mitu ya nkhani, monga Swala, zakat ndi malonda, pamene Musnad amayenda ndi mayina a maswahaba amene anasimba hadith. Okonza mu'jamyo sanalembenso mabukuwo kuti afanane. Anapatsa buku lililonse chizindikiro chake, kha cha Bukhari, mim cha Muslim, ha ndi mim cha Ahmad, ndipo adiresi inatsata mmene bukulo lilili: kwa Bukhari dzina la kitab ndi nambala ya bab, kwa Ahmad voliyumu ndi tsamba. Wofufuza amayang'ana pamalo amodzi, amaona kuti chimene wapezacho chachokera m'buku liti, n'kupita kukatsegula bukulo.

Kakhadi kamodzi ka zonse

Umu ndi mmenenso kaundula ndi mapepala amakumanira. Kaundula amakhalabe kaundula, foda imakhalabe foda, ndipo pambali pake pamamangidwa kalozera wolandira kuchokera konseko. Chilichonse cholowa m'kalozerayo chimalembedwa pa kakhadi ka mtundu umodzi, kokhala ndi malo ochepa ofanana: nambala ya kakhadiko, mtundu wa chinthucho, mutu wake, mawu ake, tsiku, nambala ya wophunzira amene chikumukhudza, anthu ololedwa kuchiona, ndi adiresi ya kumene chenichenicho chili. Kalata imalowa mosavuta, chifukwa mawu ili nawo kale. Mzere wa m'kaundula umafuna kukonza kaye. Pamndandanda wa ndalama pamangokhala nambala ya wophunzira, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku. Dzina lili pamndandanda wina, folomu pa winanso. Pulogalamu imatola zonsezi n'kuzilemba pa kakhadi kamodzi ngati chiganizo, kuti wofufuza ndi dzina apeze malipirowo ngakhale pamzere weniweniwo palibe dzina. Malo a tsiku nawo ayenera kukhala ndi kalembedwe kamodzi. Ife 03/04 timawerenga 3 Epulo, koma kompyuta yotsata kalembedwe ka ku America imawerenga Malichi 4. Satifiketi ya madrasa ikakhala ndi tsiku la Hijri, limenelo likhale m'mawu a kakhadiko, koma pamalo a tsiku palembedwe la kalendala imene ofesi imatsata, apo ayi kusanja zinthu motsata nthawi kudzasokonekera.

Pano pali msampha umene umakola ambiri. M'kaundula muli wophunzira nambala 57, ndipo m'gulu la mapepala mulinso pepala nambala 57. Kumene anachokera, manambalawa sankasokonezana. Koma m'kalozera mmodzi, Solr kapena Elasticsearch ikalandira kakhadi ka nambala imene ilipo kale, imayesa kuti mukukonza kakale kaja, ndiye imachotsa kakaleko n'kuika katsopano popanda kuchenjeza aliyense. Mwana amangosowa m'zotsatira ngati sanaphunzirepo pano. Kupewa kwake n'kosavuta: nambala iliyonse iziyamba ndi mtundu wake, "wophunzira-57", "lisiti-57", "kalata-57". Amenewa ndiwo kha ndi mim a m'mu'jam uja.

Mawu a m'mapepala nawo ayenera kutulutsidwa kaye asanalowe pa kakhadi. Pa mafayilo a Word, Excel ndi ma PDF ambiri, pulogalamu yotchedwa Apache Tika imachita zimenezi bwinobwino. Koma ma PDF alipo a mitundu iwiri, ndipo m'maso amaoneka chimodzimodzi. Ena anasungidwa kuchokera pa kompyuta ndipo zilembo zake ndi zilembodi. Ena ndi chithunzi chabe cha pepala lodutsa pa sikana. Mungayese nokha: ngati mukutha kusankha liwu limodzi ndi mausi n'kulikopa, muli zilembo, zikakanika, ndi chithunzi. Chithunzi chimafuna pulogalamu yozindikira zilembo, imene amati OCR. Yaulere yodziwika ndi Tesseract, imene inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980 n'kuperekedwa kwa aliyense mu 2005. Imawerenga Chingerezi, Chiarabu, Chiswahili ndi zilankhulo zina zambiri, zonse pamodzi zoposa 100. Pa pepala lotayipidwa, loyera ndi lowongoka, imachita bwino. Pa lisiti lokwinyika limene lakhala m'chikwama masabata awiri, lojambulidwa usiku ndi tochi, chidindo cha banki chitagwera pa nambala, imasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l, 5 ndi S. Zolemba pamanja ndiye zimaivuta kwambiri, ndipo makalata ambiri ochokera kwa makolo athu ndi a pamanja.

Choncho tisadzinamize kuti tikangokhuthulira mapepala onse m'makina, makinawo azidziwa okha kuti pepala ili ndi la mwana uti. Ulusi womanga pepala ndi mzere wa m'kaundula ndi nambala ya wophunzira, ndipo woyenera kuusoka ndi munthu, pa nthawi imene pepalalo likulowa. Pulogalamu yabwino iyenera kukana kusunga fayilo mpaka wolowetsayo atasankha wophunzira, mtundu wa pepalalo ndi teremu. Ndi ntchito ya masekondi ochepa pa pepala lililonse. Zikanachitika tsiku limene chithunzi cha mayi aja chinafika, iwo sakanakhala pabenchi, ngakhale OCR ikanalephera kuwerenga chilembo chilichonse pa kapepalako. Pa malisiti ndingawonjezere kabokosi kamodzi, ka nambala imene banki imadinda pa malipiro aliwonse. Zimachitika kuti kapepala kamodzi katumizidwa kawiri, mayi ajambula, amalume nawo ajambula. Makina amazindikira mosavuta fayilo imodzi yotumizidwa kawiri, koma zithunzi ziwiri zosiyana za pepala limodzi amaziona ngati malisiti awiri. Nambala ya kubankiyo ndi imene ingaulule kuti ndalamazo zinalowa kamodzi.

Mayina athu ndi mawu athu

Wina afunsa kuti bwanji osangodalira dzina. Tengani rejisitala ya kalasi iliyonse pano muone. Dzina limodzi lomwelo likulembedwa Muhammad, Mohammed, Mohamed ndi Mamadi. Lina Aisha, Ayisha, Aysha ndi Asha. Lina Yusuf, Yusufu ndi Usufu. Ku pulayimale analemba mwina, pa kapepala ka kubanki amalume alemba mwinanso. Kwa kompyuta amenewa ndi mawu osiyana kotheratu. Lucene ili ndi njira yolekerera kusiyana kwa zilembo, koma imalekeza pa zilembo ziwiri. Imathandiza pa Yusuf ndi Yusufu. Pa Muhammad ndi Mamadi imalephera, ndipo pamenepo pamafunika mndandanda wa mayina ofanana wolembedwa ndi anthu odziwa mayina athu. Ntchito imeneyi aphunzitsi ndi masheikh a kuno angaigwire bwino kuposa katswiri aliyense wochokera kutauni. Kulekerera komweko kulinso ndi ngozi yake. Hasani ndi Huseni amasiyana zilembo ziwiri zokha, ndipo kawirikawiri amakhala mapasa, a bambo mmodzi, a kalasi imodzi, obadwa tsiku limodzi. Dzina ndi lothandiza poyambira kufufuza, koma lisiti limangidwe pa nambala.

Mawu a Chichewa nawo ali ndi khalidwe lake. Mapulogalamu ambiri ofufuzira anakonzedwa poganizira Chingerezi, chimene chimasintha mawu kumapeto, ndiye amadula mchira wa liwu kuti mitundu yake yonse ikumane pamodzi. Chichewa chimasintha kwambiri kumutu: walipira, analipira, adalipira, sanalipire, ndidzalipira, onsewa ali ndi tsinde limodzi pakati. Lisiti ndi malisiti, mwana ndi ana, n'chimodzimodzi. Chodulira cha Chingerezi sichithandiza pamenepa, ndipo pena chimawononga. Katswiri angathe kudula mawu m'tizidutswa ta zilembo zitatu kapena zinayi kuti tsinde lija lizipezeka paliponse pamene labisala, koma kalozera amakula ndipo zosafunika zimachuluka m'zotsatira. Chilembo ŵ chiyenera kuwerengedwa ngati w, apo ayi Malaŵi ndi Malawi sadzakumana. Pa Chiarabu zinthu zili bwinoko, chifukwa Lucene ili kale ndi chida chochotsa ma harakat ndi kufananitsa mitundu ya alif, moti liwu lolembedwa ndi fatha ndi kasra limapezeka ngakhale wofufuza atalilemba lopanda zimenezo. Masatifiketi a madrasa akadzalowa, chida chimenecho chidzafunika.

Za chimene chimaoneka pamwamba pa zotsatira ndingonena mwachidule. Makina amalemekeza liwu losowa kuposa lopezeka paliponse, ganizo limene Karen Spärck Jones wa ku Cambridge analemba mu 1972, ndipo njira yotchedwa BM25 imene Lucene imatsata imakondera nkhani yaifupi kuposa yaitali ngati zonse zatchula liwulo kamodzi. Motero timizere tatifupi ta m'kaundula timakwera pamwamba, maminitsi a masamba khumi n'kumira pansi. Ndi bwino zotsatira zizioneka m'magulu, ophunzira paokha, malisiti paokha, makalata paokha, ndipo pakhale posankhira teremu ndi folomu.

Kalozera si buku lenilenilo

Mphunzitsi wanga wa hadith sankalola wophunzira kutenga hadith m'mu'jam n'kukaiwerenga pagulu. M'mu'jam muli kachidutswa chabe, ndiye ankatitumiza kukatsegula bukulo kuti tione hadith yonse ndi sanad yake. Lamulo lomwelo likugwiranso ntchito muno. Kalozera ndi kope la zimene zinali m'kaundula pa nthawi imene zinakopedwa. Kholo likalipira 9 koloko m'mawa, akalaliki n'kulemba m'kaundula, koma kalozera amalandira zatsopano usiku wokha, aliyense wofufuza masana adzaona ngongole imene kulibe. Choncho ngongole, magiredi, ndi chilichonse chimene chingabwezetse mwana pageti, chiziwerengedwa m'kaundula mwenimweni, kalozera atangotilozera kumeneko. Kuti kalozera asatsalire, mzere uliwonse uzikhala ndi nthawi imene unasinthidwa komaliza, pulogalamu izitola yokhayo imene yasintha. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi zofufutidwa. Mzere wofufutidwa suonekanso pakati pa zosintha, ndiye kakhadi kake kamatsala m'kalozera mpaka wina atakachotsa mwadala. Kalata imene inalowa molakwika pa dzina la mwana wina, kenako n'kuchotsedwa m'foda, ikhoza kumaonekabe pa dzina lakelo miyezi yambiri. Ubwino wa kope ndi woti likawonongeka limamangidwanso kuchokera ku kaundula ndi mafoda. Zofunika kuzisunga pawiri, kwina kunja kwa ofesi, ndi ziwiri zimenezo.

Mbali imene ikundidetsa nkhawa kwambiri ndi iyi. Lero mapepala a ana ali m'malo osiyanasiyana, ndipo malo aliwonse ali ndi wosunga kiyi wake. Kalata ya kuchipatala ili kwa amatroni, nkhani ya chilango ili kwa a hedi, mndandanda wa mabanja olandira thandizo la zakat uli ku komiti. Kubalalika kumeneku kumatichedwetsa, koma kwakhalanso kukubisa zinsinsi za anthu ife osaganizirapo n'komwe. Tikaika zonse pamalo amodzi ofufuzira, mphunzitsi amene amangofuna nambala ya foni ya kholo akhoza kulemba dzina la mwana n'kuona, pamzere wachitatu, mutu wa kalata yonena za matenda ake. Safunika ngakhale kutsegula fayiloyo. Makina ofufuzira amakonda kuonetsa kachidutswa ka nkhani pansi pa mutu, ndipo kachidutswa kameneko n'kokwanira kuti nkhani ifike mu sitafu rumu, mawa lake kumsika. Kutseka fayilo ndi pasiwedi sikuthandiza ngati mawu ake anakopedwa kale m'kalozera. N'chifukwa chake pa kakhadi kaja panali malo a ololedwa kuona. Aliyense azilowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, osati imodzi ya ofesi yonse yomatidwa kunsi kwa kiyibodi, ndipo makina azisefa zotsatira asanazionetse, moti chimene munthu saloledwa kuona chisaoneke ngakhale mutu wake, chisawerengedwenso pa chiwerengero cha zopezeka. Pazisungidwanso mbiri yosonyeza amene anafufuza dzina lakutilakuti, ndi tsiku limene anatero.

Pamenepa palinso lamulo la dziko. Malawi ali ndi lamulo loteteza zokhudza anthu, Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA likuyang'anira, ndipo limaika zaumoyo wa munthu m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. Sukulu yosunga mayina, zithunzi ndi makalata a ana ikukhudzidwa nalo. Maganizo anga ndi akuti makalata a kuchipatala, a chilango ndi a zakat asalowe n'komwe m'kalozera pachiyambi pano. Akhale kumene ali, mpaka titaona kwa chaka chathunthu kuti kusefa kuja kukugwiradi ntchito pa zinthu zosaopsa.

Pa kukula kwa makina tisatengeke. Solr ndi Elasticsearch zimanyamula mamiliyoni a zolemba, koma zimafuna kompyuta yamphamvu yoyaka nthawi zonse ndi munthu woziyang'anira, komanso zimasintha: chida cha Solr chokokera mizere kuchokera m'kaundula, DataImportHandler, chimene ambiri ankadalira, chinachotsedwa mu Solr 9 mu 2022. Sukulu ya ana mazana angapo ingakwanitse ndi zing'onozing'ono. PostgreSQL ili ndi kalozera wa mawu mkati mwake, SQLite nayo ili naye wotchedwa FTS5, ndipo mawu otulutsidwa m'mapepala angasungidwe pamndandanda wina m'kaundula yemweyo. Pamenepo vuto la kope lotsalira limachepa kwambiri, popeza zonse zili m'nyumba imodzi. Aliyense amene adzabwere ndi mtengo wake, a komiti mudzamupemphe atisonyeze pamaso pathu. Afufute pepala tione ngati lisowadi m'zotsatira. Alowe ngati mphunzitsi wamba n'kufufuza dzina lokhala ndi kalata yotsekedwa. Azimitse kompyuta ntchito ili mkati, monga amachitira magetsi, kenako ayatsenso. Ndipo atiuze amene adzatikonzere makinawo iye akadzapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg.

Poyambira pabwino ndi malisiti a fizi a chaka chino okha. Mapepala akale a m'kabati angadikire. Tizidzajambula limodzilimodzi mwini wake akabwera kudzafuna testimoniyo.

Mbali yanu makolo sikudikira makina aliwonse, mungaiyambe teremu ikubwerayi. Nambala ya mwana wanu ili pamwamba pa lipoti lake la sukulu. Ilembeni ndi bolopeni, mooneka bwino, pamalo opanda chidindo pa kapepala ka kubanki musanakajambule. Kayaleni patebulo masana, ngodya zonse zinayi zioneke, ndipo mu uthenga womwewo mulembenso nambalayo, dzina la mwana ndi folomu yake. Ngati mwalipirira ana awiri pa kapepala kamodzi, lembani manambala onse awiri ndi ndalama za aliyense. Kapepala kenikeniko kasungeni kunyumba mpaka ofesi itakupatsani lisiti la sukulu. Ophunzira a Folomu 3 amene mukufuna kuthandiza kulemba mndandanda wa mayina ofanana uja, mundipeze ku laibulale Lachitatu phunziro lomaliza likatha, ndipo mubwere ndi kalembedwe kalikonse ka dzina lanu kamene munakaonapo.